Mmene Ndinafedwera Mwamuna Ndisanakwatiwe

Ndinagwa m'tchalitchi Lamulungu lachiwiri la kulengeza ukwati wanga. Mlaliki anali atangotchula dzina langa, Esinati Nankhoma wa kwa Kasakula, ndi la Fanuelo, mphunzitsi wa kwa Msakambewa, n'kufunsa ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa awiriwa kukwatirana. Mpingo wonse unali chete, koma thupi langa ndi lomwe linayankha. Ndinamva fungo ngati la mphira wopsa, kenaka ndinatsitsimuka ndili gone pakati pa mabenchi, lilime nditaliluma. Amayi anga ankauza aliyense kuti inali njala, poti ndinapita kumapemphero ndisanalawe kanthu. Akuchimuna anayankha kuti njala silumitsa lilime.

Nkhoswe ya Fanuelo anali atsibweni ake, a Kachigamba, mkulu wa mpingo wosaseka ndi munthu. Iwo ndiwo anaimitsa kulengeza kwachitatu. Anati sakukana ukwati ayi, koma pa mtundu wawo sipanalowepo khunyu, ndipo sakufuna kuti lilowe iwo ali nkhoswe. Dokotala wa pa chipatala cha mishoni anatilembera kalata yopita ku Blantyre, komwe ankati kwafika makina oona zochitika mu ubongo. A Kachigamba anati pepala angalembe aliyense, choncho apita nawo kuti akaone ndi maso awo. Makina akakapeza kanthu m'mutu mwanga, ukwati watha. Akakapanda kupeza, alengeza kachitatu. Ine Fanuelo ndinkamufuna, sindibisa, ngakhale anali wamanyazi moti pondifunsira ankayang'ana belu la njinga yake.

Wondiperekeza anali azakhali anga, poti ndiwo okha pakhomo pathu anali atalowapo m'chipatala chachikulu. Nzeru zawo za kuchipatalazo ndi zomwe zinandipweteka. Anati pamene ankawajambula chifuwa ku Lilongwe anawavula bulauzi ndi mikanda yomwe, nanga pojambula mutu amavula chiyani? Anawonjezera kuti tikapita ndi tsitsi, a Kachigamba adzati tabisa matenda m'tsitsimo. Mmawa wa tsiku la ulendo anandikhazika pa mtondo kuseri kwa nyumba n'kundimeta mpala ndi lezala latsopano. Tsitsi limenelo ndinali nditalisunga chaka chathunthu kudikira tsiku la ukwati. Ndinalira mpaka maso kutupa, iwo akungoti limera, si dzino.

Tinakwera lole ya mabelo a fodya yomwe inkatsikira ku boma la Dowa. Kwa Msakambewa tinapeza a Kachigamba ataima pamsewu, atavala jekete lawo lakuda la Lamulungu, Baibulo lili m'kapepala kapulasitiki. Fanuelo kunalibe, anamuletsa kubwera. A Kachigamba anakwera n'kukhala pa belo lakutsogolo kwenikweni, kutali ndi ine, komwe kunkachokera mphepo. Kwathu anthu ankakhulupirira kuti munthu wakhunyu akaphwisa, wapafupi amatenga matendawo. Mkulu wa mpingoyo anasankha kuwombedwa ndi mphepo ya mwezi wa Julaye mtunda wonsewo kusiyana n'kukhala kumbuyo kwanga.

Pa chitsikira china lole inathamanga, mphepo n'kuzula duku langa. Ndinaliona likuuluka mpaka kukakodwa pa mtengo kutsidya kwa chigwa. Dalaivala sakanaimira duku, ndipo azakhali anati iwo sangavule lawo pamaso pa mwamuna wa eni. Ndinangotenga chitenje n'kufunda kumutu ndi m'mapewa. Pofika ku boma maso anali psuu ndi fumbi komanso kulira kwa mmawa kuja.

Basi ya ku Lilongwe inkayenera kufika nthawi ya naini, koma inafika dzuwa litapendeka. Tinadikira pakhonde la sitolo ya mmwenye yotseka, tikumwa thobwa la m'botolo la azakhali, lomwe a Kachigamba anakana ponena kuti sakumva ludzu. Basi itangoima, panatulukira anyamata atatu a chipani a malaya ofiira n'kutseka pakhomo pake. Masiku amenewo wopanda khadi ya chipani sankakwera basi kapena kulowa mumsika. Azakhali anatulutsa yawo ndi yanga m'mfundo ya chitenje. A Kachigamba anapisa m'thumba lamanja, lamanzere, lam'kati, n'kutsegula ngakhale Baibulo. Khadi inali itatsala m'jekete la masiku wamba.

Ine pofuna kukwera, chitenje chinatereka n'kugwera m'mapewa. Mnyamata wamkulu pa atatuwo anayang'ana mpala wanga, maso otupawo, ndi jekete lakuda la a Kachigamba. Kwathu mkazi sameta mpala popanda chifukwa, timameta maliro akachitika. Mnyamatayo anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Pepani bambo, zovutazi zinachitika liti?"

Azakhali anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma a Kachigamba anawaponda chala. "Sabata yatha," anatero.

Anyamatawo anapatuka. Wamkulu uja anauza kondakitala kuti anamfedwa asaime, ndipo abambo awiri anadzutsidwa pampando. Tinakhala atatu pa mpando umodzi, ine pakati. A Kachigamba anatsegula zenera lonse n'kutulutsa mphuno kunja.

Bodza likanathera pomwepo chipanda mayi wina wonenepa wogulitsa nthochi, yemwe anakhala pampando wa kumbuyo kwathu. Anayamba ndi kundipatsa nthochi ziwiri, kenaka n'kuweramira kwa a Kachigamba kufunsa ngati womwalirayo anali mwamuna wanga. Iwo anagwedeza mutu movomera. Anafunsa dzina, mudzi ndi ntchito yake. Vuto la munthu wosazolowera kunama ndi lakuti akapanikizika amatola zoona zomwe zili pafupi. A Kachigamba anati malemuyo anali mphwawo Fanuelo, mphunzitsi wa kwa Msakambewa. Za matenda anaganiza kanthawi n'kunena kuti m'mimba.

Mayiyo anawomba m'manja mwachisoni. Anati mng'ono wake anakwatiwa chakonko, ndipo iye abwerera mawa akangogulitsa nthochi, adzafika pasiwapo kudzapepesa. Ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu la a Kachigamba, mphepo yonse ija ikuwomba.

Tisanafike pa Lumbadzi basi yonse inali itadziwa. Amayi a kumbuyo anayambitsa nyimbo ya pamaliro, ena n'kumapolokoza. Wina ataona Baibulo anapempha kuti abambo a mpingo atipempherere. A Kachigamba anaimirira, dzanja limodzi litagwira chitsulo, n'kupereka m'manja mwa Mulungu mzimu wa munthu yemwe nthawi imeneyo ankachonga masamu a sitandade fo. Ine ndinafunda chitenje kumaso n'kuseka mpaka mapewa kugwedezeka. Mayi wa nthochi ankandisisita pamsana n'kumati ndilire ndithu, kusunga m'mtima kumadwalitsa. Potsika ku Lilongwe tinali ndi nthochi, nzimbe ziwiri ndi zitumbuwa zokulunga m'nyuzipepala.

Tinagona kwa mwana wa azakhali ku Kawale. Mmawa azakhali anati tidzere kumsika tikagule duku, koma a Kachigamba anati tichedwa basi. Chifukwa chenicheni tonse tinkachidziwa: pa depoti panalinso a malaya ofiira. Ananditsogoza ine, iwo akubwera pambuyo ataweramitsa mutu, Baibulo lili pachifuwa. Tsopano anali atazolowera, moti atafunsidwa anawonjezera okha kuti malemuyo anasiya njinga yatsopano. Tinadutsa mzere wautali wa anthu amene anafika kusanache, n'kupatsidwanso mpando. Azakhali anandinong'oneza kuti akadadziwa akanayamba kale kumeta anthu asananyamuke ulendo.

Tinadutsa Dedza kukuzizira, tikugula mbatata yootcha pazenera. Titapitirira Lizulu basi inayamba kununkha, kenaka inatsokomola n'kuima. Dalaivala anati lamba wa injini waduka. Kondakitala anakwera galimoto yodutsa kukafuna wina ku Ntcheu, ndipo ife tinatsika n'kumwazikana m'mbali mwa msewu. Tinakhala pamenepo maola anayi. Abambo ena anazungulira injini n'kumapereka nzeru, aliyense ndi yake, mmodzi mpaka anavula lamba wa buluku lake kuti ayesere. A Kachigamba anakhala pa mwala patali n'kumawerenga, ndikhulupirira ankafufuza ngati pali vesi lowapepukira.

Ndili pansi pa mtengo ndekha, panabwera mtsikana wamsinkhu wanga n'kukhala pambali panga, mwana ali kumbuyo. Anavula duku lake pang'ono kuti ndione. Nayenso anali wometa, tsitsi litangoyamba kumera ngati mpunga wa pa nazale. Anati mwamuna wake anagwa pa thalakitala ku esiteti ya tiyi, ndipo akupita kukatenga katundu wake. Ananyema mbatata yake pakati n'kundipatsa. Anandilangiza kuti mwezi woyamba ndi wovuta, ndisamakhale ndekha, ndipo malaya ake ndisafulumire kugawa, ndisungeko amodzi.

Kuseka konse kwa dzulo kunandithera, ndinachita manyazi kwambiri. Ndinamuuza zoona zonse, za kugwa m'tchalitchi, za makina, za lezala la azakhali ndi khadi ya a Kachigamba. Ndinkayembekeza kuti anditukwana. Iye anaseka pang'ono n'kupukuta m'maso.

"Ndiye wanuyo ali moyo?" anafunsa.

Ndinavomera.

"Nanga mukulira chiyani, amwali?"

Sanaulule kwa aliyense. Lamba atabwera tinakwera, ndipo ine ndinamusiyira malo anga n'kuima mpaka ku Balaka. Liwonde ndi Zomba ndinadutsa ndili mtulo, ndipo Blantyre ndinangomuona magetsi.

Kuchipatala tinafika mmawa n'kukhala pa benchi mpaka masana. Amene ankayendetsa makinawo anali bambo wamfupi wa magalasi. Nditavula chitenje anafunsa yemwe wandimeta, ndipo azakhali anadzitchula monyadira. Bamboyo anaseka mpaka kukhala pansi. Anati timawaya take amamata pakati pa tsitsi, palibe amene amameta, chofunika n'kungosamba kumutu osadzola mafuta. Anathokoza azakhali kuti chiyambire ntchito sanapezepo mutu wosavuta ngati wanga. Azakhali anayankha kuti ndiye sanalakwe.

A Kachigamba anaumirira kulowa, ponena kuti ndiwo mboni. Anawapatsa mpando pakona. Bambo uja anayeza mutu wanga ndi tepi ngati telala, n'kulemba madontho pa mpalapo, kenaka n'kumata timawaya tambirimbiri ndi phala lozizira. Azakhali anali atandichenjeza panja kuti makina akayamba ndiziganiza za kusinja basi, za boma ndisayerekeze. Ndinagona pa bedi. Pambali panga tizolembera tambiri tinayamba kukanda pepala lalitali lomwe linkayenda lokha n'kumadzipinda m'bokosi.

Ankandiuza kuti tsinzinani, penyani, tsinzinaninso. Ndikatsinzina, tizolemberato tinkasintha kayendedwe, ndinkamva ndi khutu lomwe. Bamboyo anaitana a Kachigamba kuti aone, n'kuwafotokozera kuti ubongo uli ndi timagetsi take, ndipo mbali yakumbuyo ya mutu ndi imene imagwira ntchito ya maso. Maso akatseka mbali imeneyo imapumula, mizere n'kumayenda mofatsa. A Kachigamba anafunsa kuti nanga chithunzi cha ubongowo chili kuti, poti iwo akungoona mizere ngati nkhuku yapalasa. Anawayankha kuti makina awa sajambula maonekedwe, amalemba mmene ubongo ukugwirira ntchito. Anafunsanso ngati pepalalo lingaonetse kuti mtsikanayu ndi waulemu kapena waulesi. Bamboyo anati makina otero akanakhalapo akanayamba wayeza apongozi ake.

Kenaka anandiuza kupuma mwamphamvu kwa nthawi yaitali, mpaka manja kuchita dzanzi, n'kundiyatsira nyale yothwanima kumaso. Pamenepo ndinamva tizolembera tikukanda mwaukali kanthawi kochepa. Bamboyo anasiya kuseka n'kulemba kanthu m'mphepete mwa pepala. Ndinadziwa ndisanauzidwe.

Dokotala anali mayi wachikulire wolankhula Chichewa chothyokathyoka. Anatambasula pepala patebulo n'kutionetsa malo atatu pomwe mizere inalumpha n'kusongoka ngati minga. Anati ndi khunyu ndithu, koma losavuta, lomvera mankhwala. Ndikamamwa kam'bulu kamodzi tsiku lililonse ndikhoza kutha zaka osagwa. Ndingalime, ndingabereke, kungoti ndisamakhale ndekha pafupi ndi moto kapena pachitsime. A Kachigamba anakhosomola n'kufunsa, mozungulira kwambiri, za mpweya wa m'mimba uja. Dokotala atamvetsa anawauza kuti matendawa sapatsirana mwanjira iliyonse, ndipo akanakhala opatsirana iye akanagwa kalekale. Azakhali anapukusa mutu n'kunena kuti ndiye bambowa azizidwa pachabe kuchokera kwa Msakambewa.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Ine ndinkangoganiza kuti ukwati watha, ndipo tsitsi lapita pachabe. Ku Lilongwe a Kachigamba anasowa kanthawi n'kubwera ndi khadi yatsopano komanso duku lamaluwa, lomwe anandipatsa osandiyang'ana. M'basi ya ku Dowa anakhala pafupi nane, zenera lili chitsekere. Titadutsa Lumbadzi analankhula motsitsa. Anati zomwe zinachitika pamsewu zitsale pamsewu. Ine ndi azakhali tisatchule za maliro aja, ndipo iwo akauza abale kuti makina sanapeze kanthu. Mankhwala ndizidzamwa mobisa. Anati ananama kale kawiri pa ulendo umodzi, kachitatu sikawonjezera moto wa ku gehena. Azakhali anavomera asanamalize n'komwe. Ine ndinangoyang'ana kunja.

Tinatsika lole kwa Msakambewa dzuwa likadalipo. Pakhomo pa amayi a Fanuelo tinapeza mulu wa nkhuni, phulusa la moto waukulu, ndi anthu achilendo angapo atakhala pamkeka. Mayi wa nthochi uja anali atasunga lonjezo lake. Uthenga unayenda midzi isanu, ndipo anthu anabwera ndi ufa ndi nkhuku, ena akulira kuchokera kumsewu. Anapeza malemu akuchonga makope pakhonde. Amayi ena okalamba anathawa, ena anamugwira mkono kuti atsimikize. Nkhuku zinali zitaphedwa kale, choncho anangodya. Atamufunsa mayiyo yemwe anamuuza, anati mkulu wina wa jekete lakuda, wodziwa kupemphera.

Titafika, maso onse anali pa jeketelo. Mchemwali wa a Kachigamba, amayi a Fanuelo, sanawapatse ngakhale moni. A Kachigamba anakhala pansi mofulumira n'kunena kuti zimenezo tikambirana bwino, koma tsopano abwera ndi nkhani yabwino: makina a ku Blantyre ayang'ana mutu wonse, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo sanapezemo kanthu. Amayi ena anayamba kululuta. Fanuelo anali ataima pafupi ndi nkhokwe, akumwetulira, akuyang'ana pansi monga mwa masiku onse.

Ndikanangokhala chete, Lamulungu lotsatira akanalengeza. Koma ndinaganiza za tsiku lina m'tsogolo, ndili gone pansi m'nyumba mwake, iye ataima pakhomo akuzindikira kuti tonse tinamupusitsa. Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa botolo la mankhwala. Mibulu inalira m'botolomo.

"Apeza," ndinatero. "Ndi khunyu. Akuti ndizimwa awa tsiku lililonse, koma sanalonjeze kuti sindidzagwanso."

Nthungululu zinaduka. Azakhali anagwira kumutu. Mayi yemwe anakhala pafupi nane anakoka chitenje chake n'kusendera uko. Amayi a Fanuelo anayang'ana mlongo wawo, iwo akuyang'ana nsapato zawo. Ine ndinayamba kale kuganiza za lole yobwerera kwa Kasakula.

Fanuelo anachoka pa nkhokwe paja n'kudutsa pakati pa anthu. Anakhala pamkeka, pamalo pomwe mayi uja anachokapo. Anatenga botolo m'manja mwanga, n'kuwerenga zolembedwapo pang'onopang'ono monga mphunzitsi, kenaka n'kundibwezera. Kwa nthawi yoyamba chidziwireni anandiyang'ana m'maso pagulu.

"Nankhoma," anatero, "mukagwa, ndizikugwirani bwanji?"

Ndinamuuza monga anandiuzira dokotala, kuti andigoneke chammbali, aike kansalu kunsi kwa mutu, asandilowetse kanthu m'kamwa, n'kudikira. Anandipempha kuti ndibwerezenso, kuti asaiwale.